Masheya a Makampani a Makompyuta: Ndi Malonda Kapena Ndi Juga?

 

Nkhani ya m'kope lino yalowa m'makomo ambiri popanda kuodira, ndipo yadzera pa mafoni a ana athu. Achinyamata ambiri, makamaka amene ali pa ntchito ku Johannesburg, Cape Town, Leicester ndi London, ayamba kugula masheya a makampani akuluakulu a ku America opanga makompyuta, mafoni ndi zinthu za pa intaneti, monga Apple, Microsoft ndi Nvidia. Ena amagula n'kusunga. Ena amagula dzuwa likupendeka n'kugulitsa asanagone, mawa lake chimodzimodzi, ndipo mchitidwe umenewu pa Chingerezi amautcha day trading. Makolo akafunsa, yankho limakhala lakuti, "Musade nkhawa bambo, masheya amenewa ndi ahalali, ma Sheikh anawaunika kale."

Yankho limeneli lili ndi choona m'kati mwake, koma lasiya mbali ina. Nyama ya mbuzi yozingidwa bwino ndi yahalali, koma mbuziyo ikakhala yakuba palibe Msilamu amene angaiyandikire. Chinthu chitha kukhala chololedwa, njira yochipezera n'kukhala yoletsedwa. Nawonso masheya ali ndi mafunso awiri: tikugula chiyani, ndipo tikugula motani? Ana athu ambiri ayankha funso loyambalo n'kuiwala lachiwiri.

Kodi sheya n'chiyani?

Tiyerekeze kuti anthu khumi a kunyanja asonkherana ndalama n'kugula boti la injini ndi chilimira. Aliyense wa iwo ndi mwini wa gawo limodzi mwa magawo khumi a botilo. Usipa ukaphedwa wambiri amagawana phindu. Mwera ukawomba mwezi wathunthu, kapena injini ikafa, onse amaluza pamodzi. Gawo limenelo ndiye sheya. Kampani ya Microsoft inagawidwa m'magawo oposa 7 biliyoni, ndipo amene wagula sheya imodzi wasanduka mmodzi wa eni ake, ngakhale kuti gawo lakelo n'lochepetsetsa. Mgwirizano wotere m'Chisilamu umatchedwa shirka, ndipo ndi wololedwa chifukwa aliyense amavomera kukoma ndi kuwawa komwe.

Mmodzi mwa anthu khumi aja akafuna kutuluka, amagulitsa gawo lake kwa munthu wina. Msika wa masheya ndi bwalo la malonda amenewa. Tsono mtengo wa gawo sutengera usipa umene boti linapha dzulo wokha ayi, umatengeranso chiyembekezo cha ogula pa usipa wa chaka chamawa. Mphekesera ikawanda yakuti nyanja yadzaza nsomba, gawo limakwera mtengo boti lili chikhalire pa dooko. Mantha akalowa, gawo lomwelo limasowa wogula. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Chifukwa chake Asilamu tachuluka m'masheya a makompyuta

M'chaka cha 1992, akatswiri a Fiqh a bungwe la International Islamic Fiqh Academy atakumana ku Jeddah anagamula kuti n'kololedwa kugula masheya a kampani imene ntchito zake ndi zahalali. Panatsala vuto la makampani amene ntchito zawo n'zabwino koma amakongola kapena kusungitsa ndalama ku mabanki a chiwongoladzanja. Ma Ulama ena amati makampani otere tiwapewe kotheratu. Ena, monga a bungwe la AAOIFI la ku Bahrain, analoleza koma anaika malire: ngongole za chiwongoladzanja zisapitirire 30 peresenti ya mtengo wa kampani yonse pa msika, ndipo ndalama zobwera m'njira zaharamu zisapitirire 5 peresenti ya zonse zimene kampani imapeza. Kagawo kaharamuko mwini sheya ayenera kukachotsa pa phindu lake n'kupereka kwa osowa. M'chaka cha 1999 kampani ya Dow Jones inayamba kufalitsa mndandanda wa masheya opyola m'sefa yotere.

Taonani tsono chimene chimatsala tikasefa. Mabanki atuluka, makampani a inshulansi atuluka, ofulula mowa, a nyumba za juga ndi a nyama ya nkhumba atuluka, makampani omira m'ngongole nawonso atuluka. Otsala ambiri ndi makampani a makompyuta ndi a mankhwala, chifukwa ambiri mwa iwo ali ndi ndalama zawozawo ndipo ngongole zawo n'zochepa poyerekeza ndi kukula kwawo. N'chifukwa chake m'mindandanda ya masheya ahalali maina a Microsoft, Apple ndi Nvidia akhala akupezeka pamwamba. Munthu wina akamagula masheya amasakaniza mabanki ndi zina zambiri, koma Msilamu dengu lake limalemera mbali imodzi. Mphepo ikawomba pa makampani a makompyuta, ife imatigwedeza kuposa anzathu.

Tidziwenso kuti sefa ya ma Ulama imaunika ntchito za kampani ndi ngongole zake basi. Siinena kuti mtengo wa lero ndi woyenera. Wogulitsa nyama yozinga atha kukutchajani mtengo wa ng'ombe yathunthu pa kilo imodzi, nyamayo n'kukhalabe yahalali, inu n'kubwerera kunyumba thumba lili pululu.

Zimene zinachitika m'chaka cha 2000

Ambiri mwa ana athu amene akugula masheya lero anali asanabadwe kapena anali kumbuyo pamene intaneti inazunguza mitu ya anthu koyamba. Ku America kuli msika wotchedwa Nasdaq, kumene makampani ambiri a makompyuta amagulitsa masheya awo, ndipo uli ndi muyeso wosonyeza kukwera ndi kutsika kwa mitengo yonse pamodzi. Kumapeto kwa 1996 muyesowu unali pafupifupi 1,300. Mwezi wa Disembala chaka chimenecho, mkulu wa banki yaikulu ya boma la America, a Alan Greenspan, anachenjeza kuti mwina anthu atengeka mopyola nzeru. Anthu sanamvere, ndipo kwa zaka zitatu zotsatira ooneka opusa anali amene anamvera, chifukwa mitengo inangokwererakwerera. Pa 10 Malichi 2000 muyeso uja unafika 5,048. Anthu ena anasiya ntchito n'kumakhala pa kompyuta tsiku lonse kugula ndi kugulitsa.

Kenaka chinatsitsa dzaye chinafika. Pofika pa 9 Okutobala 2002 muyeso uja unali pa 1,114, kutanthauza kuti pa madola 100 alionse panatsala madola 22 okha. Panatenga zaka 15, mpaka Epulo 2015, kuti msikawu ubwererenso pamene unali.

Makampani atatu akutiphunzitsa zinthu zitatu zosiyana. Pets.com inkagulitsa zakudya za agalu ndi amphaka pa intaneti. Inayamba kugulitsa masheya mu Febuluwale 2000 pa madola 11, ndipo mu Novembala chaka chomwecho inatseka, eni masheya n'kutsala manja ali m'khosi. Amazon inatsika ndi 90 peresenti ndi kupitirira, koma inapulumuka n'kudzakhala imodzi mwa makampani aakulu padziko. Ovutika anali amene anagulitsa ndi mantha kapena amene ngongole inawakakamiza kugulitsa. Yachitatu, Cisco, ndiyo iyenera kutikhalitsa pansi ife Asilamu. Inkapanga zipangizo zenizeni zolumikizira intaneti, inkapeza phindu lenileni, ndipo inalibe ngongole zolemetsa. Mu Malichi 2000 inali kampani yamtengo wapatali kuposa ina iliyonse padziko. Sinagwe, sinatseke, inapitiriza kugwira ntchito bwinobwino. Koma amene anagula sheya yake mwezi umenewo anadikira mpaka m'chaka cha 2025 kuti aonenso mtengo umene anagulira. Kampani inali yabwino, malonda ake anali ololedwa, choipa chinali mtengo umene anthu anavomera kulipira pamene mitima inali itatentha.

Mphepo ya masiku ano

Kuyambira mu Novembala 2022, pamene ChatGPT inatulutsidwa, dzina lokoka anthu lakhala AI, makina otha kuyankha mafunso ndi kulemba ngati munthu. Kampani ya Nvidia, yopanga tizipangizo ta m'kati mwa makompyuta toyendetsa makina amenewa, inafika pa mtengo wa madola 1 thiriliyoni m'chaka cha 2023, ndipo mu Okutobala 2025 inafika 5 thiriliyoni. Phindu lake linakuladi kwambiri, zimenezo palibe angakane. Koma taonani zimene zinachitika pa 27 Januwale 2025. Kutamveka kuti kampani ya ku China yotchedwa DeepSeek yapanga AI yamphamvu ndi ndalama zochepa, sheya ya Nvidia inatsika ndi 17 peresenti tsiku limodzi, ndipo mtengo wa kampaniyo unachepa ndi madola pafupifupi 600 biliyoni. Patapita miyezi yowerengeka mtengo unabwerera n'kupitirira. Antchito anali omwewo, katundu anali yemweyo. Chinasintha ndi mitima ya anthu, lero mantha, mawa dyera.

Sitikunena kuti za 2000 zibwereranso, ndipo sitikunena kuti sizibwerera, pakuti wodziwa za mawa ndi Allah yekha. Ngati mkulu wa banki yaikulu ya America anachenjeza zaka zitatu nthawi isanakwane, mnyamata wa pa WhatsApp amene akukulonjezani kuti akudziwa za sabata yamawa wazitenga kuti?

Ogula masana n'kugulitsa usiku

Wochita day trading alibe nazo ntchito zoti boti lapha usipa wochuluka bwanji. Iye akungoyesa kulosera ngati mtengo ukwere kapena utsike m'maola awiri akubwerawa. Nkhani imeneyi anthu ophunzira anaifufuza, ndipo zotsatira zake zimafanana kulikonse.

Ku America, a Brad Barber ndi a Terrance Odean anaunika mabanja 66,465 amene ankagula masheya kuyambira 1991 mpaka 1996. Mabanja ogula ndi kugulitsa pafupipafupi ankapeza 11.4 peresenti pa chaka, pamene msika wonse unkakwera ndi 17.9 peresenti. Ku Brazil, ofufuza anatsatira anthu amene anayamba malonda a tsiku limodzi pakati pa 2013 ndi 2015. Mwa amene analimbikira masiku oposa 300, anthu 97 pa 100 alionse analuza ndalama, ndipo pafupifupi mmodzi yekha pa 100 ndi amene ankapeza zoposa malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'dzikolo. Ku India, bungwe loyang'anira misika la SEBI linalengeza m'chaka cha 2024 kuti anthu 7 mwa 10 alionse ogula ndi kugulitsa masheya tsiku lomwelo anatuluka ataluza.

Zifukwa zake n'zosabisika. Nthawi iliyonse munthu akagula kapena kugulitsa pamakhala kolipira, ngakhale pa mapulogalamu odzitcha aulere, chifukwa mtengo wogulira umakhala pamwamba pang'ono pa mtengo wogulitsira. Kamodzi sikaoneka, koma kakabwerezedwa kambirimbiri kamadya mpamba ngati anankafumbwe m'nkhokwe. Chachiwiri, mwana wathu amene wagwira foni pambuyo pa ntchito akupikisana ndi makampani okhala ndi makompyuta ogula ndi kugulitsa m'kuphethira kwa diso. Chachitatu ndi mtima wa munthu. Akapindula pang'ono amathamangira kugulitsa, akaluza amakakamira poyembekeza kuti zibwerera, ndipo akaluza kwambiri amaonjezera ndalama kuti abweze zotayikazo. Amene anaonapo munthu wa juga akudziwa kuti mayendedwe ake ndi omwewa.

Nanga bwanji timangomva za opindula? Chifukwa woluza salengeza. Mmodzi amene wapata amajambula foni yake n'kutumiza kwa anzake onse, pamene makumi asanu ndi anayi amene aluza amangoti zii, ena mpaka akazi awo osadziwa.

Makomo atatu oletsedwa

Chigamulo cha ku Jeddah cha 1992 chija chinatchulanso njira zimene Msilamu sayenera kudzera, ndipo zonse zili pa mafoni a ana athu.

Khomo loyamba ndi kugula masheya ndi ngongole yochokera ku kampani yokugulirani, imene amaitcha margin. Muli ndi madola 100, iwo akulolani kugula za madola 200, ndipo pa ngongoleyo pali chiwongoladzanja. Ameneyu ndi katapira, riba yeniyeni. Komanso mtengo ukatsika amakugulitsirani masheya anu mokakamiza, nthawi yomwe mtengo uli pansi.

Khomo lachiwiri ndi kugulitsa sheya imene mulibe, poyembekeza kudzaigula motchipa mtengo ukagwa. Mtumiki Muhammad (S.A.W.) analetsa munthu kugulitsa chinthu chimene sichili chake.

Khomo lachitatu ndi mapangano ongobetcherana pa mtengo popanda kugula sheya yeniyeni, monga options ndi CFD. Abale athu a ku Britain ndi ku South Africa achenjere kwambiri apa, chifukwa pa foni pamalembedwa dzina la Apple kapena Nvidia, munthu n'kumaganiza kuti wagula gawo la kampani pamene wangobetcha. M'chaka cha 2018 bungwe loyang'anira misika ku Ulaya la ESMA linapeza kuti pakati pa 74 ndi 89 peresenti ya anthu wamba ochita CFD ankaluza ndalama.

Nanga amene akugula sheya yahalali ndi ndalama zakezake n'kuigulitsa tsiku lomwelo? Apa ma Ulama amasiyana maganizo. Ena amalola ponena kuti umwini umasamuka malonda akangochitika. Ena amati munthu adikire mpaka sheya italembedwa m'dzina lake, zimene ku America kuyambira mu Meyi 2024 zimatenga tsiku limodzi la ntchito. Funsani Sheikh wodziwa za malonda. Koma ngakhale mutatsata amene amalola, dzifunseni funso ili. Mu Surah Al-Maidah, ndime 90 ndi 91, juga yatchulidwa pamodzi ndi zoledzeretsa, ndipo zipatso zake zatchulidwanso: udani pakati pa anthu ndi kutsekereza munthu kukumbukira Allah ndi kuswali. Msika wa ku New York umatsegulidwa 3:30 kapena 4:30 madzulo pa nthawi ya ku Malawi ndi ku South Africa, n'kutsekedwa 10 kapena 11 koloko usiku. Asr, Maghrib ndi Isha zonse zimakumana ndi maola amenewa. Ngati munthu akuswali maganizo ali pa foni, ngati akukalipira ana chifukwa mzere wafiira, ngati wayamba kubisira mkazi wake za ndalama, zipatso zija zaoneka kale, kaya malondawo tiwatche dzina lanji.

Kusankha sheya yoti tisunge

Ena adzati, "Chabwino, ine sindichita za tsiku limodzi, ndingosankha kampani imodzi yabwino ngati Nvidia n'kusunga." Kumeneku n'kuganiza kwabwinoko, komabe kusankha n'kovuta kuposa momwe kumaonekera. Katswiri wina, a Hendrik Bessembinder, anaunika makampani onse a pa misika ya ku America kuyambira 1926 mpaka 2016, ndipo anapeza kuti chuma chonse chimene msika unapindulira anthu, kuposa chimene akanapeza pongokongoza ndalama ku boma, chinachokera ku makampani 4 okha pa 100 alionse. Lero n'kosavuta kuloza Amazon, koma m'chaka cha 1999 Amazon ndi Pets.com zinkatamandidwa pa bwalo limodzi.

Tsono amene wafuna kulowa achite ngati munthu amene akugula gawo la boti. Adziwe chimene kampani imagulitsa ndi amene amagula. Aone ngati imapeza phindu kapena ikungolonjeza. Ayerekeze mtengo wa sheya ndi phindu la pachaka, adziwe kuti akulipira phindu la zaka zingati. Aonenso ngati ikupyolabe m'sefa, chifukwa malire a 30 peresenti aja amayezedwa pa mtengo wa pa msika, kotero mtengo ukagwa kwambiri kampani imene inali yololedwa itha kutuluka pa mndandanda. Amene sangathe zonsezi aganizire za matumba a masheya ahalali osonkhanitsa makampani ambiri pamodzi, pokumbukira kuti nawonso amalemera mbali ya makompyuta.

Kwathu kuno nakonso msika ulipo. Malawi Stock Exchange inayamba kugulitsa masheya mu Novembala 1996, ndipo makampani a mafoni a TNM ndi Airtel Malawi analowa pa msikawu m'zaka za 2008 ndi 2020. Gawo lalikulu la msikawu ndi mabanki ndi makampani a inshulansi, kotero Msilamu ayenera kusefa chimodzimodzi, kampani iliyonse payokha. Ndipo agule kudzera kwa okhawo amene ali ndi chilolezo cha boma, osati kwa munthu wongokumana naye pa Facebook.

Mau kwa banja

Kwa achinyamata tikuti, ndalama ya lendi, ya fizi, ya feteleza wa makolo kumudzi kapena imene mukusungira ulendo wa Hajj isalowe pa msika umenewu. Ikani yokhayo imene simudzaifuna kwa zaka zisanu kapena kuposa apo. Musakongole kuti mugule masheya. Ndalama ya m'bale imene anakusungitsani ndi amana, simuyesera mwayi. Mkazi kapena mwamuna wanu adziwe zimene mwaika ndi kumene mwaika, kuti Allah akakuitanani ana asadzasowe poyambira. Musaiwalenso Zakaat: amene amagula masheya ndi cholinga chogulitsa amapereka 2.5 peresenti ya mtengo wake wa pa msika chaka chikakwana, chuma chikafika pa nisab.

Kwa makolo tikuti, musathamangire kukalipa. Mwana amene akuganiza zokulitsa chuma chake wachita bwino kuposa womwaza. Khalani naye pansi mumufunse kuti kampani imene wagulayo imapanga chiyani, wagula sheya yeniyeni kapena wangobetcha, ndipo akufuna kusunga mpaka liti. Akayankha momveka, mudalitseni. Akayamba kuzungulira, mwadziwa pamene pali vuto. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa msika wa masheya odekha ndi amene kawirikawiri amatsala ndi kanthu m'manja.

Tipemphe Allah Subhanahu wa Ta'ala kuti atipatse riziki lahalali lokhala ndi madalitso, atiteteze ku katapira ndi juga, ndipo atipatse mitima yokhutira. Amene muli ndi mafunso tilembereni kudzera kwa Mkonzi. Tidzakumananso m'kope lotsatira, Insha-Allah.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.